Sanandiitanebe kuti amama

Okondedwa omvera, ndine mayi wa ku Wovwe, ndimalima mpunga. Mwana wanga wamkazi anagontha makutu ali khanda atadwala kwambiri. Chaka chatha madokotala ku Lilongwe anamuika kachipangizo m'kati mwa khutu kuti azimva. Anati kumva kokha sikukwanira, azipitanso kukaphunzira kulankhula sabata iliyonse. Ndinamusiya komweko kwa mng'ono wanga, ine n'kubwerera kumunda.

Tsiku lina ndikupalira, mng'ono wangayo anandiimbira foni. "Akulu, tamverani izi."

Ndinamva kamawu kosasa kakuti, "Amayi."

Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira. Misozi itauma m'pamene ndinakumbukira kuti kwathu kuno kumpoto timati "amama". "Amayi" ndi mawu amene anaphunzira kumeneko, ndipo ankaitana amene amamusambitsa m'mawa uliwonse.

Mng'ono wanga sindimusungira kukhosi, akundilerera bwino mwanayo. Koma Lamulungu lililonse ndimamupempha kuti amuyandikizire foni, ndinene pang'onopang'ono, "Amama. Ndine amama." Ndimangomva kupuma kwake.

Ndikakuwa, mbalame zimathawa munda wonse. Mwana wanga yekha ndiye sanawadziwebe mawu anga.