Litchowa la Herode

Malemu agogo athu, mayi Filomena Kanyemba, amene ambiri munkawadziwa kuti Anangozo, anabadwa pa 14 Epulo 1913 m'mudzi mwa Chimkwita kuno ku Lobi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo abale awo onse anatsogola kale.

Mafumu, abambo mfumu, akuluakulu a mpingo, bambo Zefaniya wapampando wa chipani kuno kwathu pamodzi ndi alendo amene mwabwera nawo pa galimoto, ndi inu nonse anamalira, ndikudziwa kuti mukudabwa kuona mkazi akuwerenga mbiri. Ine ndine Jesinta, mdzukulu wa malemu. Pepalali linayamba lapita kwa abambo aakulu, a Stefano, iwo akuti maso. Linapita kwa abambo aang'ono, a Vinsenti, iwo akuti chifuwa. Sindikuwanena, pakuti matenda awo ndikuwadziwa: dzulo tinauzidwa kuti pofika pa ana amene malemu asiya, dzina limodzi lisamveke pano, ndipo wolitchula aona yekha. Ndiye anati mpatseni mdzukulu, poti pamaliro mdzukulu ndiye amaloledwa kubwebweta. Mwana wanga ndamusiya m'manja mwa amayi anga apo. Tiyeni tipitirire.

M'chaka cha 1921 malemu anayamba sukulu ya mishoni, mtsikana yekhayekha pakati pa anyamata. Bambo awo sanafune, ankati mwana wamkazi sukulu yake ndi mtondo. Malemu anayankha ndi makala: analemba zilembo kuzungulira nkhokwe yonse mpaka bambowo anagonja, nawagulira sileti kuti nkhokwe ipume. Anabatizidwa mu 1925.

Pa 9 Ogasiti 1931 anadalitsa ukwati ndi bambo Alufeo Kanyemba, mlimi wa nyemba ndi kachewere, katswiri wovina ngoma. Agogo aamunawo anali ndi litchowa lawo la mchira wa ng'ombe yakuda, limene sankalola aliyense kuligwira. Atamwalira mu 1968, malemu analipachika pakhoma pamwamba pa bedi. Mulikumbukire litchowali, pakuti tikumana nalonso.

Kuyambira mu 1938 malemu ankaphunzitsa katekisimu pa tchalitchi pathu pano, ndipo sanaleke mpaka chaka chino. Nditati amene anakokedwapo khutu ndi Anangozo akweze dzanja, bwalo lino lingadzaze manja. Mvula kaya chisanu chija chomang'amba milomo, Loweruka lililonse munkawapeza pansi pa mkungudza uwo ndi gulu lawo la ana. Ngakhale bambo Zefaniya anadutsa pamkeka womwewo, ndipo malemu ankawayamikira kuti pa Malamulo Khumi panalibe wowaposa. Lamulo limene malemu ankalikonda kubwereza ndi lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama.

Malemu analinso mlembi. Kuyambira mu 1952 nkhani zawo zinkatuluka m'nyuzipepala ya mpingo, ndipo nyimbo zina zimene amayi a gulu loimba la limana mwaimba m'mawa uno ndi zawo. Tebulo analibe. Ankavundikira lichero pamiyendo, n'kukhala kuseri kwa nyumba kumene dzuwa limayambira, zala zili gwa ndi kuzizira. Mdzukulu akalakwitsa kuyetsemula pafupi, mawa ankadzipeza ali m'nkhani. Koma chimene ankachikonda koposa ndi sewero la Khirisimasi, limene chaka chilichonse ankalilemba mwatsopano.

Tsopano ndafika pa Disembala 1977. Ndikuona ena mwayamba kuwerama. Amene mukufuna kutseka makutu, tsekani, sindikudandaulani.

Chaka chimenecho malemu anafuna kuti mfumu Herode aoneke ngati mfumu yeniyeni. Chisoti cha pepala sichinawakhutitse. Kwa iwo, mwana wa Angoni, munthu wamkulu amadziwika ndi litchowa, ndiye anatsitsa la amuna awo lija pakhoma napatsa mwana wawo wachitatu, mphunzitsi wa pulayimale, amene ankasewera Herodeyo. Herodeyo analowa m'tchalitchi akulikupiza, akulamula kuti ana onse aamuna aphedwe. Anthu anayamba kuseka. Kenako kuseka kunazima kokha, mzere ndi mzere, aliyense atakumbukira kumene amaonako litchowa likukupizidwa chotero, pamisonkhano ya chipani. Malemu okha ndiwo sanazindikire kanthu. Anali kumbali akunong'oneza angelo mawu awo.

Chaka chisanathe, galimoto inaima pasukulu paja. Amene anakanena sitikumudziwa, ndipo sindinaimirire pano kuti ndiloze munthu chala. Chimene tikudziwa n'chakuti bambo anga anakwera galimotoyo atavala malaya a manja aafupi, ndipo mpaka lero palibe amene anatiuza kuti ali kuti, kaya ali moyo.

Malemu anayenda pansi mpaka ku boma kukanena kuti sewero analemba ndi iwo, litchowa anapereka ndi iwo, choncho atsekeredwe iwowo. Kumeneko anawaseka, nawauza kuti agogo pitani mukalime nyemba. Anabwerako mapazi atatupa. Mawu amene ananena polowa m'nyumba sitinawaiwale: "Nkhuyu ndadya ndine mayi, koma zapota mwana." Kuyambira tsiku limenelo sanalembenso sewero, ndipo lichero linabwerera ku ntchito yake yopeta.

Zaka zitapitapo, achibale ena anawalangiza mwachikondi kuti m'mwezi wa Novembala, popereka maina a akufa kuti awapempherere pa Misa, aikepo ndi dzina la mwana wawoyo. Ankati potero nkhani itha, banja lipuma, amayi anga amasuka. Malemu anakana kwamtuwagalu. Ankati, "Mundionetse manda ake, ndikagwade." Chaka ndi chaka ankapereka maina awiri okha, la amuna awo ndi la Monika, mwana wawo amene anamwalira ndi chikuku mu 1944. Winayo ankamupempherera pamodzi ndi anthu a paulendo. Ife tinkaopa, ndipo sindibisa, nthawi zina tinkawakwiyira, chifukwa anzathu analeka kudzapala moto pakhomo pathu.

Mu Meyi chaka chino cha 1987 malemu anayamba kudandaula m'chifuwa. Ankatibisira, mpaka Loweruka lina anagwa ali pakati pofunsa ana mafunso a Ukaristia woyamba. Kuchipatala anati ndi chibayo. Anagonekedwa, anapezako bwino pang'ono, napempha kuti abwerere kwawo. Analandira sakramenti la odwala ali ndi nzeru zawo zonse, ndipo Lachiwiri pa 7 Julayi, dzuwa likutuluka, anatisiya ali ndi zaka 74.

Asanatseke maso anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, kuti litchowa lija tiwaikire m'bokosi akabweze kwa mwini wake, lisadzapwetekenso mwana wa munthu. Tachita, lili m'menemo. Chachiwiri anandigwira dzanja nati, "Powerenga ana anga musakandinamizire. Ndakoka makutu a anthu moyo wanga wonse chifukwa cha bodza. Ndisakalowe m'manda nditasenza langa."

Ndili ndi mantha, abale anga. Azakhali, siyani kundikoka chitenje, ndatsala pang'ono.

Malemu anabereka ana asanu ndi mmodzi. Mmodzi, Monika, anatsogola. Asiya ana asanu: bambo Stefano, mayi Veronika, mayi Elena, bambo Vinsenti, ndi bambo Rafaelo Kanyemba, bambo anga ondibala, amene ali paulendo. Asiyanso adzukulu 23 ndi zidzukulutudzi 9.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abambo mfumu chifukwa cha Misa, mafumu potipatsa malo, anamwino amene anawasamala, amayi a limana amene mwatunga madzi ndi kutola nkhuni m'chisanu chino, ndi adzukulu anzanga akumanda amene mwalimbana ndi nthaka ya miyala. Ndithokozenso inu amene kwa zaka khumi munkaopa kuponda pakhomo pathu, koma lero mwabwera. Mulungu akubwezereni.

Alendo athu a pagalimoto, ndamva kuti mwailiza kale. Musavutike kudutsa pakati pa anamalira. Mundilole ndiponye dothi m'manda mwa agogo anga ndi kuyamwitsa mwana wanga, kenako ndibwera ndekha. Bambo Zefaniya, inu munawadziwa malemu, mundipemphereko zimenezo.

Anangozo, ana anu ndawawerenga onse, sindinasiyepo ndi mmodzi yemwe. Ambuye amene munawatumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.