Wapolisi Agwe Lero Lomwe

Pamzere wa kwa okonza makompyuta, mayi wina anamasula kampango n'kuonetsa chimbale kwa bambo amene anali patsogolo pake.

"Pepani bambo, mukudziwako pulogalamu yosavuta yokopera filimu iyi? Yongodina kamodzi, osati yochulutsa mafunso."

"Ilipo, mayi. Koma chimbale chokalikakalika chonchi! Osangogula filimu ina bwanji?"

"Amuna anga safuna ina. Chidwalireni sitiroko, mawu anatsekeka. Koma ikafika pamene wapolisi amagwera m'matope, amaseka mpaka misozi."

"Tsiku lililonse?"

"Ngati akuona koyamba. Tsono chayamba kumaima pomwepo, wapolisiyo mwendo uli m'mwamba, iwo kukamwa kuli yasa, kudikira."

"Iii! Dutsani, mayi, khalani patsogolo panga. Wapolisi ameneyo agwe lero lomwe."