Njinga Yokana Kuwoloka Mlatho

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Aleluya! Amen yanu ndi yofooka, koma ndilandira yomweyo. Ndaimirira kuti ndichitire umboni, ndipo ndikuona a mlembi ayamba kale kuyang'ana wotchi.

Amene waima pamaso panuyu ndi injiniya. Mu Lilongwe muno, kuyambira kwathu ku Area 1 mpaka ku City Centre kumene anthu amadya chamasana atavala tayi, palibe wodziwa injini kuposa ine. Ndinaphunzira ku koleji miyezi isanu ndi iwiri yathunthu, kufikira tsiku limene aphunzitsi anakhala pansi, n'kuwerenga mayeso anga, n'kugwirizana onse kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kunyumba. Ndinabwerako ndi chikwama ndi bulangete.

Amalume anga amagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Area 10. Zaka zambiri akhala akusunga ndalama ya malata a nyumba yawo ya kumudzi. Atandiona ndikungokhala pakhonde, anatenga ndalama ija n'kundigulira njinga yamoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Anati, "A Injiniya, injini ndi iyi. Muzidya imeneyi." Ndi mmene ndinakhalira wa kabaza.

Tsiku la ngozi ndinanyamula mayi wina pa depoti, ankapita ku Area 3. Tikufika pa mlatho wa Lilongwe, mayi uja anati, "A kabaza, tachepetsani liwiro." Abale, za liwiro sindinazimve. Ndinamva zakuti "a kabaza". Ndinatembenuka, njinga ikuthamanga, kuti ndimufotokozere kuti ine si wa kabaza wamba, ndinafika ku koleji. Ndinangonena "kole". "Ji" ndinakamalizira kumbuyo kwa minibasi imene inaima kutsogolo kwanga.

Mayi uja Mulungu anamusunga. Anangosupuka chigongono, n'kudzuka, n'kundiuza mawu amene sindingawabwereze m'nyumba ya Mulungu. Ine mwendo wakumanzere unathyoka pawiri.

Kuchipatala anzanga a pasiteji anabwera kudzandiona. Anthu achikondi kwambiri. Woyamba anaima pafupi ndi bedi, nkhope yachisoni ngati ali pamaliro, n'kuti, "Aise, pepa. Koma batire lija linapulumuka?" Wachiwiri anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati tayala lakumbuyo ndili nalobe ntchito. Wachitatu anandipempherera, ndipo m'pemphero lake anatchula kabureta kawiri, mwendo wanga kamodzi. Anabwera ndi nthochi zinayi, ziwiri anadya okha akundidikira kuti ndinene mtengo. Ena mwa iwo ali muno, kumbuyo uko. Musatembenuke, akudzidziwa.

Atandichotsa chikhakha, mwendo unali wowonda ngati mpini wa khasu. Ndinayamba ndi ndodo ziwiri, kenako imodzi, kenako khoma la nyumba. Njinga nayo inali pabwalo itafunditsidwa chiguduli. Ndinanenetsa kuti palibe makaniko wa pansi pa mtengo amene aigwire, ndikonza ndekha. Ndipo ndinakonzadi. Mafoloko ndinawongola, handulo ndinasintha, nyale ndinamanga ndi waya. Chimene chinasowa ndi chotsekera thanki, chifukwa tsiku la ngozi Msamariya wina wachifundo anachitola pamsewu n'kupita nacho kwawo. Ndinatenga jumbo, n'kuipinda kanayi, n'kuimanga pakamwa pa thanki ndi malegeni. Ndinamanga zolimba, abale. Ndinamanga mwaukatswiri. Ngakhale mpweya sukanapeza polowera, ndipo ndinaima patali n'kudziyamikira ndekha.

Lolemba m'mawa ndinamenya kiki. Inalira! Ndinatuluka ku Area 1, n'kudutsa pamsika, magalimoto, anthu a mawilibala, zonse bwinobwino. Nditangowona zitsulo za mlatho, njinga inatsokomola kawiri, n'kuzima. Pamalo pomwe paja. Ndinatsika, n'kumasula jumbo, n'kusuzumira m'thanki. Petulo alimo. Ndinamanganso, n'kumenya kiki, njinga n'kulira. Ndinatembenuza njinga n'kubwerera kunyumba.

Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Pomwepo, pamlatho.

Apa ndiye akatswiri anatuluka m'mauna. Anzanga a pasiteji anati magazi anga anakhetsedwa pamenepo, tsono malowo akundiitana, njira yabwino n'kugulitsa njingayo pang'onopang'ono, kuyambira batire. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anati anthu a nsanje anaiponda, ndiitsuke ndi madzi a mchere. Ndinaitsuka, inde, ine wa ku koleji, ndipo tcheni chinachita dzimbiri. Kunabweranso bambo wina wa suti yonyezimira, wodzitcha mneneri, amene ofesi yake ndi pamthunzi wa sitolo ku Area 2. Anaiyang'ana njinga n'kunena kuti m'thanki mwakhala mzimu wa mkazi wakuda. Ndinamufunsa kuti mkaziyo analowera pati, popeza ndinatseka ndi jumbo yopinda kanayi. Anati ndili ndi mzimu wa makani, ndipo umenewo amachotsa pamtengo wina.

Lachinayi madzulo amalume anabwera, nsapato zawo zili ndi matope a m'maluwa. Sanakhale pansi. Anaiyang'ana njinga nthawi yaitali, n'kuti, "Mphwanga, akazi anga kumudzi akugona ndi mabeseni pamphasa mvula ikagwa. Makasitomala onse ali kutsidya kwa mlatho, iwe uli kuno. Mawa ndikaweruka udzanditenge pageti ndi njinga imeneyi. Ukapanda kubwera, Loweruka ndibwera ndi wogula." Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Tsopano, mpingo, ndinene chimene sindinauze munthu. Tsiku lililonse njinga ikazima pamlatho paja, mumtima mwanga ndinkathokoza. Mwendo uwu unkayamba kunjenjemera ndikadali pamsika. Mwaona kuti ikalira kachiwiri sindinkapitiriza ulendo? Ndinkabwerera. Nkhani ya mizimu inkandikomera, chifukwa munthu wolodzedwa amamumvera chisoni, koma wamantha amamuseka. Satana sanavutike nane n'komwe. Anangondipatsa jumbo, zotsalazo ndinamalizitsa ndekha.

Lachisanu masana ndinapitanso. Inazima. Ndikumasula malegeni, ndinamva mawu kumbali. Anali madala ena osoka nsapato amene amakhala pakabokosi chakufupi ndi mlathowo, magalasi awo omangidwa ndi ulusi.

"Achimwene," anatero, "lero ndi kachinayi mukumasula jumbo imeneyo pamaso panga. Mukamasula imati fyuu. Simukumva?"

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Munthu wosoka nsapato za anthu, iye atavala patapata. Ndinati, "Madala, izi ndi za sayansi. Inu pitirizani ndi zidendene."

Sanakwiye. Anati, "Chabwino, a sayansi. Chitini cha mkaka mumaboola mabowo angati?"

"Awiri."

"Lachiwirilo ndi la chiyani? Mumamwera mphuno?"

M'mutu mwanga munabwera chithunzi cha pabolodi cha ku koleji, tsiku lina ndikusinza kumbuyo kwa kalasi. Petulo sangatsike kupita ku injini ngati mpweya sukulowa pamwamba. Kuchoka kwathu kufika pamlatho ndiwo mtunda umene njinga inkatha kuyenda isanabanike. Mzimu wa mkazi wakuda unali jumbo yanga yopinda kanayi.

Madala aja anaimirira, n'kutenga singano yawo yosokera nsapato, n'kubaya jumbo ija kamodzi. Phwi. Basi. Sanapemphere m'malilime, sanavule jekete. Anati, "Menyani kiki, muzipita."

Inalira. Ndipo ine ndinangokhala pamenepo, injini ikulira, mlatho uli patsogolo, chonamizira chatha. Phazi linkavina lokha pa giya. Madala anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwendo, n'kunena kuti, "Imeneyo ndilibe singano yake." Anauza mayi wogulitsa chinangwa kuti awaonere bokosi, n'kukwera kumbuyo kwanga osandipempha. "Ulusi wandithera. Ndiperekezeni ku Area 4. Mukandigwetsa, ana anga asanu ndi mmodzi mulera ndinu."

Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse m'moyo wanga. Ndinati, "Ambuye, gwirani phazili." Ndinalowetsa giya. Tinayenda pang'onopang'ono moti bambo wina wosenza thumba la makala anatipitirira n'kutiyang'ana mwachisoni. Minibasi zinaimba mahutala, kondakitala wina anandifunsa ngati ndanyamula mazira. Koma tinawoloka, abale. Tinawoloka! Titafika kutsidya ndinazindikira kuti ndikulira, ndipo madala anati ndipukute maso chifukwa iwo sakwera njinga ya munthu wosaona.

Dzuwa likupendeka ndinali pageti ku Area 10. Amalume anatuluka, n'kuima. Anayang'ana ine, anayang'ana jumbo, anaika chala pakabowo kaja. Anangokwera, n'kundigwira m'chiuno ndi manja awo okhakhala aja, n'kuti, "Ukanditule kudepoti. Ndikawauze azakhali ako kuti mabeseni apirire nawo chaka chino chokha."

Ndikuthokoza Mulungu amene analumikiza fupa langa. Ndikumuthokoza chifukwa anadutsa mneneri wa suti, anadutsa anzanga a nthochi, anadutsa ine, n'kukaika nzeru m'bokosi la nsapato. Imirirani nane, mpingo, tisangalale limodzi. Amayi, nthungululu zija zili kuti? Inunso a kumbuyo ombani m'manja, batire silikugulitsidwa.

Ndipo abusa, mundipempherere pa chinthu chimodzi chotsala. Tsiku lotsatira ndinapita kwa madala aja kukafunsa mtengo wa ntchito yawo. Anati bowo limodzi amawerengera ngati kusoka patapata, faifi handiredi. Ine, munthu wongopulumutsidwa kumene, ndinanenerera. Ndinawapatsa firii handiredi.