Galimoto Yodulidwa Kumbuyo ya a Ermete Bontempi

Malemu agogo athu, a Ermete Bontempi, anabadwa pa 9 Malichi 1914 kuno ku Gussago. Agogo aakazi akuti 1913. Ine sindikudziwa. Sukulu anasiyira panjira n'kukaphunzira umakaniko.

Mu 1933 analembedwa ntchito ndi a Ottorino Fenotti, eni minda ya mphesa, amene anali atangogula galimoto yofiira ya ku Milano, ya mipando yachikopa, yoti olemera azinyadira m'tauni. Koma a Fenotti anaichotsa denga n'kuyamba kuithamangitsa m'mipikisano yokwera mapiri. Malemu ankakhala pambali pa woyendetsa, kupopa mafuta ndi dzanja, n'kumapendekera kunja pokhota kuti galimoto isagubuduke. Iwo ankati mu 1935 anakhala achitatu pampikisano wina. Anzawo a Gino, ali apowa, amati: "Achitatu kugwera m'ngalande, kapena!" Wonena zoona sindikumudziwanso.

Mu 1938 malemu anakwatira mayi Nives, agogo athu aakazi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, a Fenotti anawasiyira galimotoyo, ndipo malemu anaidula kumbuyo ndi sowo n'kukhomapo matabwa kuti azinyamulirapo mphesa. Inatumikira mpaka 1971, pamene injini inafa.

Mu 1994 ine Tiziano, mdzukulu wawo, ndinasiya koleji kuti tiikonze ibwerere mwakale, adzakweremo kamodzi kokha. Amayi mpaka lero sanandikhululukire. Injini tinaikonza. Koma ndikati ndizule matabwa aja, malemu ankandimenya dzanja: "Iwe wothawa sukulu, kumbuyoko usiye!" Ndikafunsa chifukwa, ankangoseka. Ndinkapsa mtima, ndinkati ndi ukalamba.

Anayamba kudwala chifuwa mu Januwale chaka chino, ndipo atisiya Lachiwiri lapitali. Mawu awo omaliza kwa ine anali akuti: "Kumanda ukandisiye pa galimoto yanga, osati yakuda ija yonunkha maluwa." Dzulo tinayesa bokosi pamatabwapo. Lakwana ndendende. Anayeza liti? Tsiku limene ankadula lija? Nanga osandiuza bwanji?

Asiya mkazi, ana awiri, a Rosalba ndi a Fausto, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza adokotala, ansembe athu, ndi amayi nonse amene mwabwera ndi buledi ndi vinyo.

Galimoto ili pakhomo la tchalitchi. M'mawa uno yakana kulira. Ndayesa zonse zimene anandiphunzitsa. Ndikupempha amuna amphamvu atithandize kukankha. Msewu wa kumanda ndi wotsetsereka, mwina ilira panjira. A Gino, mukhale pambali panga muzipopa mafuta.

Mzimu wanu uuse mumtendere, agogo. Koma musanause, tithandizeni ilire.