Uthenga Nambala 412 wa Mayi Mailesi Nkhoma

Malemu mayi athu anabadwa pa 9 Juni 1951 pa famu ya fodya ku Burma Valley, kwa makolo ochokera ku Dedza. Sukulu analekezera Fomu 2. Mu 1972 anakwatiwa ndi Bambo Kenani Nkhoma a ku njanji, omwe anatsogola mu 2010. Kwa zaka makumi awiri mayi ankalumikiza mafoni ku ofesi ina muno mu Mutare. Nambala akaimva kamodzi sankaiwala, ngakhale mandala awo ankawasaka tsiku lililonse ali pamphumi.

Mu 2002, mafamu atagawidwa, anthu athu anabalalika. Mlongo wawo, Bambo Laison, anamwalira n'kuikidwa ndi anthu achilendo. Mayi anamva patapita miyezi isanu, ndipo ana a malemuwo sanadziwike kumene analowera. Zinawapweteka kwambiri, moti analumbira kuti wachibale sadzaikidwanso abale osadziwa.

Mu 2004 anayambitsa njira yawo yofalitsira mauthenga pakati pa abale. Wolandira uthenga auze anthu awiri, wapafupi ndi wakutali. Banja latsopano likapezeka, lipatsidwe anthu awiri oliuza. Omaliza abweze uthengawo kwa mayi. Ulendo woyamba zinavuta: uthenga unangozungulira, ndipo abusa athu anaitanidwa kasanu ndi kawiri ku ukwati umodzi. Mayi anaseka, n'kuyamba kupatsa uthenga uliwonse nambala, kuti amene waumva kale asautumizenso. Mabanja anachoka pa khumi n'kupitirira mazana atatu.

Mu 2021 mdzukulu wawo Nokutenda, wophunzira za makompyuta, anaika njirayi m'mafoni. Mayi ankati akungoyesa, ndipo mpaka tsiku lomaliza sanavomere kuti yatheka.

Anadwala mtima miyezi itatu, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa kunyumba ku Morningside. Nokutenda anatumiza uthenga nambala 412. Pofika masana unali utabwerera pa foni ya mayi, wobweza wake ali Taison wa ku Chimoio ku Mozambique, mmodzi mwa ana osowa aja a Bambo Laison. Wakhala apoyo, pambali pa bokosi la azakhali ake.

Asiya ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi Taison. Tikuthokoza amayi a mvano, anamwino, adzukulu okumba manda, ndi aliyense amene anauza anthu ake awiri.

Mayi, kuyesa kuja kwatheka. Usani mumtendere.