Chitini cha pawindo

Pamzere wodikira jipini, minibasi ya mumzinda wa Iloilo, bambo wovala yunifolomu ya ulonda anatembenukira mayi wachikulire wonyamula kokonati.

"Pepani mayi. Maja, phala lija la kokonati lochita kudula ndi mpeni, amalilimbitsa bwanji? Mwana wanga ali ndi phwando la tsiku lobadwa mawa, akufuna longa la malemu amayi ake. Ndayesa kawiri, likungotuluka madzimadzi."

"Mumathiramo chiyani?"

"Ufa wa tirigu."

"Kalanga ine! Mumafuna kuphika mandasi? Pamafunika gawgaw, ufa wosalala uja wochokera ku chimanga."

"Ufa uja mkazi wanga ankalimbitsira kolala yanga posita?"

"Womwewo."

"Nanga uja ankawaza mwana pakhosi akatuluka totupa ta thukuta?"

"Womwewonso, bambo. Muyambe mwausungunula m'madzi ozizira, apo ayi uchita mibulu. Kenako muvundule mpaka mkono uwawe."

"Ha! Kani umadyedwa? Chitini chake chili pawindo, chodzaza. Chimwalirireni iye sindinachikhudze, ndinkayesa mankhwala."

"Amuna inu! Kolala kuuma, mwana kuchira, mbale kudzaza, inu osafunsa n'komwe. Katseguleni chitinicho, mwanayo adye maja ya amayi ake."