Kuseri kwa Kalata Yokanira

Pa mzere wa ku ofesi ya khonsolo, mayi wina wosoka zovala ankadzikupiza ndi kalata, nkhope ili yakugwa. Bambo amene anali patsogolo pake anacheuka.

"Mayi, chidindo chofiiracho ndikuchidziwa. Akukanirani?"

"Andikanira, bambo. Ndimafuna chilolezo cha kashopu kosokeramo. Akuti pamalopo palibe chimbudzi, chonsecho chilipo. Oyendera aja anasuzumira kwa aneba. Ndangobwera kudzatenga mapepala anga, makina osokerawo ndigulitse basi."

"Kuseri mwawerenga?"

"Kuseri kwa chiyani?"

"Kwa kalatayo. Tatembenuzani."

"Iii! Kulinso zolemba? Ine ndimayesa ndi inki yangodutsira!"

"Tizilembo timeneto tikuti muli ndi masiku khumi ndi anayi ochita apilo. Mungolemba kuti abwerenso adzaone bwino. Yanuyo anadinda liti?"

"Dikirani ndiwerenge... Mayo ine! Tsiku lomaliza ndi lero!"

"Cholembera ichi, pepala ili. Uzani akunyumba ajambule chimbudzicho, atumize pafoni. Ndipo bwerani kutsogolo kwangaku, zenera la apilo amatseka 12 koloko."

"Achimwene, inu ndiye wakutumani ndi Mulungu. Makina aja ndi amene amadyetsa ana anga, ndipo wogula amabwera mawa. Shopu ikatseguka, malaya anu ndisoka ulere, a matumba awiri! Kodi mumagwira ntchito konkuno?"

"Ayi, ndine kalipentala, ndikudzayambiranso kupempha chilolezo pa fomu yoyamba. Kalata yanga yondikanira ndinaitembenuza patatha miyezi inayi, nditakulungiramo kale misomali."